Kuphunzira Kufukula Zakale Kutali ndi Kwanu Mliri Uli Mkati: Mafunso a ku Kaporo

Anthu okhala m'mbali mwa msewu wa M1, kuchokera pa boma la Karonga kudutsa pa Kaporo mpaka kuchipata cha Songwe, alendo sawadabwa. Ogula mpunga wa Kilombero amabwera chaka chilichonse, ndipo mathanki amafuta ochokera ku Dar es Salaam amadutsa usana ndi usiku. Amene amadabwitsa ndi ana asukulu ochokera kumayunivesite akutali, amene amatha tsiku lathunthu atagwada m'dzenje, kumapala dothi ngati nkhuku yofuna chakudya cha anapiye. Mliri wa Covid-19 unawonjezera mafunso pa amene analipo kale. Nawonso ana athu ofuna kukaphunzira ntchito yomweyi kunja ali ndi awo.

Kodi ntchito yofukula zakale ndi yotani, ndipo wophunzira amachita chiyani tsiku ndi tsiku?

Ndi ntchito yowerenga mbiri ya anthu kuchokera ku zimene anasiya m'nthaka: mapale a miphika, mikanda, makala a pamoto, zotsalira za ng'anjo, mafupa a nyama zimene anadya, ndi miyala imene anasema kukhala mipeni. Wophunzira amene wapita kukaphunzira ntchito, chimene ambiri amati atachimenti kapena intenishipu, sayamba ndi khasu. Amayamba ndi chingwe ndi zikhomo, kugawa malo m'timabwalo ta mita imodzi mbali zonse. Kenaka amapala dothi pang'onopang'ono ndi mpeni womangira, kusesa ndi burashi, kuthira m'ndowa, n'kukasefa. Chilichonse chopezeka chimayezedwa pamene chagona, chimapatsidwa nambala, kenaka n'kuikidwa m'kathumba kake. Madzulo ndi nthawi yotsuka miyala ndi kulemba m'kope. Kulembako ndiye mtima wa ntchitoyi, chifukwa dzenje salikumba kawiri. Ukachotsa dothi osalemba, umboni wapita. Munthu wa phuma ntchitoyi siimuyanja. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

N'chifukwa chiyani munthu angachoke ku Germany kapena ku Australia kudzaphunzirira ku Karonga?

Chifukwa m'boma limodzi lomweli muli mbiri imene mayiko ena athunthu alibe. Ku Mwakasyunguti kuli miyala ya zaka zoposa 100 miliyoni momwe munatuluka mafupa a dayinoso wotchedwa Malawisaurus. Ku Uraha, chakum'mwera kwa boma, mu 1991 gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano cha munthu wakale cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, chodziwika ndi nambala yoti UR 501. Maso amene anachiona anali a Mmalawi, Tyson Msiska. Ku Malema kunapezekanso fupa la mtundu wina wa anthu akale mu 1996.

Kufupi ndi tauni, pamudzi wa Mwanganda, J. Desmond Clark anafukula mafupa a njovu pamodzi ndi zida zamiyala m'zaka za m'ma 1960, ndipo kwa nthawi yaitali malowa ankatchuka kuti ndi pamene anthu akale anasendera njovu. Ofufuza amene anabwerera pamalopo patapita zaka zambiri anapeza kuti zidazo ndi njovuyo mwina sizinali za tsiku limodzi. Izi ndimazikonda, chifukwa zikusonyeza kuti ngakhale mawu a katswiri wamkulu amaunikidwanso. Kuyambira mu 2009, Jessica Thompson ndi anzake, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona zakale, anafukula malo ambiri ozungulira sukulu ya Chaminade, ndipo ophunzira a ku University of Queensland ankabwera kudzaphunzira ntchito pomwepo. Zotsatira zake zinatuluka mu 2021, mliri uli mkati: anthu ankakhala kuno zaka 92,000 zapitazo, akusema zida kuchokera ku nsangalabwi za mumtsinje, ndipo moto umene ankatentha tchire unasintha nkhalango za dera lino.

Onjezanipo phiri la Mbande, likulu lakale la a Kyungu, mafumu a Ankhonde, kumene Keith Robinson anapeza mikanda yagalasi yochokera kutali, umboni woti Ankhonde ankachita malonda a minyanga ndi anthu a kutsidya kwa nyanja. Onjezaninso malo a malinga a Mlozi, wogulitsa akapolo amene ananyongedwa mu 1895, ndi manda a asilikali a nkhondo imene inamenyedwa pa Karonga pa 9 September 1914. Zonsezi zili pamtunda woyenda pa minibasi kuchokera pa Kaporo.

Si golide kapena miyala yamtengo wapatali imene akufuna anthu amenewa?

Ayi. Kukayikaku n'komveka, popeza boma lino linaona mgodi wa yureniyamu ku Kayelekera ndi migodi ya malasha, ndipo anthu anaphunzira kuti mlendo wokumba pansi kawirikawiri amachoka ndi phindu. Koma yang'anani m'sefa mwa wofukula zakale. Mupezamo tizidutswa ta miyala, mapale ndi makala, zimene pamsika wa Kaporo palibe angagule ngakhale ndi K100. Mtengo wake uli pa zimene zimaulula. Kachidutswa ka khala kamatha kuuza zaka za moto umene unakapsereza, bola usapitirire zaka pafupifupi 50,000. Pa malo akale kuposa apo, amayeza mchenga kuti adziwe nthawi imene unaona dzuwa komaliza. N'chifukwa chake mumawaona akukhoma paipi m'khoma la dzenje n'kuitseka msanga kuti kuwala kusalowe. Njira yosavuta yothetsera kukayika ndi kupempha kuona chilolezo chawo cha boma ndi kupita kukaonerera. Gulu lochita zinthu moyenera limayamba lafika kwa amfumu, limalemba ntchito anthu a m'mudzi momwemo, ndipo silibisa dzenje lake.

Ndiye kuti iwowa ndi amene amakumba madayinoso?

Ndi ntchito ziwiri zapachibale. Ofukula zakale amalondola anthu ndi zimene anapanga. Ofufuza madayinoso amalondola zamoyo zimene zinatha kalekale munthu asanakhaleko. Ku Karonga ziwirizi zimasokonezeka chifukwa zili pansi pa denga limodzi ku Cultural and Museum Centre Karonga, nyumba imene inatsegulidwa mu 2004.

Covid-19 itafika, ophunzira otere zinawathera bwanji?

Kufukula kuno kumachitika m'chilimwe, makamaka kuyambira June mpaka August, pamene nthaka yauma ndipo mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America ali pa tchuthi. Mu 2020 nyengo imeneyi inagwera mkati mwenimweni mwa nthawi imene zinthu zinali zitatsekedwa. Boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi pa 20 March, sukulu zinatsekedwa pa 23 March, ndipo anthu atatu oyamba kupezeka ndi matendawa analengezedwa pa 2 April. M'bindikiro wa masiku 21 umene unakonzedwa unaimitsidwa ndi khoti pa 17 April, komabe ndege zonyamula anthu zinali zitaima kale ndipo zinayambiranso pa 1 September. Wophunzira wodalira ndege chaka chimenecho chinamudutsa. Padziko lonse sukulu zambiri za kufukula zinalephereka.

Mu 2021 makomo anatseguka mwa theka. January unali mwezi wa maliro. Pa 12 January tsiku limodzi tinataya nduna ziwiri, Lingson Belekanyama ndi Sidik Mia. Katemera woyamba anafika pa 5 March. Woyenda ankafunika chikalata chosonyeza kuti wayezetsa posachedwa ndipo alibe kachilombo, ndipo mayiko ena ankabindikiritsa munthu masiku angapo pa ndalama zake. Kumapeto kwa November, mtundu wa Omicron utalengezedwa, Britain ndi America anaika Malawi pa mndandanda wa mayiko oletsedwa m'masiku ochepa chabe. Amene anali paulendo anaphunzira kuti tikiti yobwerera si lonjezo.

Pali anthu ena amene nkhani za mliri sizimawatchula. Gulu lofukula likabwera limalemba osefa, onyamula ndowa, ophika, alonda ndi oyendetsa galimoto. Ena mwa iwo agwira ntchitoyi zaka zambiri ndipo amazindikira mwala wosemedwa msanga kuposa wophunzira wa digiri. Chaka chikaphonyeka, wophunzira wakunja amataya maphunziro a teremu imodzi, pamene iwowa amataya ndalama ya fizi ndi ya feteleza.

Kodi kukumba mafupa akale sikungadzutse matenda amene anagona pansi?

Mafupa a ku Uraha ndi ku Malema anasanduka mwala kalekale, mulibe chamoyo chilichonse. Kachilombo ka Covid-19 kamayenda ndi mpweya wa munthu wamoyo, sikakhala m'dothi zaka mazanamazana. Mukaona wofukula atavala masiki ndi magolovesi pogwira fupa la munthu, nthawi zambiri akuteteza fupalo kwa iye mwini. Thukuta kapena malovu ake akhoza kusokoneza DNA yakale, monga imene inatengedwa m'mafupa a ana awiri a kuphiri la Hora ku Mzimba, a zaka zapakati pa 14,000 ndi 16,000, imene ili m'gulu la DNA ya anthu yakale kwambiri imene yapezeka mu Africa muno.

Zoopsa zenizeni za m'dzenje ndi zina: fumbi lolowa m'chifuwa, kafumbata ukadzicheka, zinkhanira ndi njoka, ndiponso matenda a anthrax amene amatha kukhala m'nthaka zaka zambiri pamalo pamene anakwirira ng'ombe yodwala. Kudera la ng'ombe ngati kuno, nzeru ndi kufunsa akuluakulu za malo otero musanakhome chikhomo. Nkhani ya manda ndi ina. Manda amene ali ndi eni ake sakhudzidwa, ndipo mafupa a munthu akatulukira mwadzidzidzi ntchito imaima mpaka amfumu ndi boma atakambirana. Ulemu kwa akufa si chinthu chimene sayansi ingachichotse.

Pa nthawi ya mliri, amene ali pa ngozi yaikulu ndani, mlendo kapena mudzi?

Ndi mudzi, ndipo ili ndi funso limene wophunzira aliyense ayenera kudzifunsa asanagule tikiti. Iye ndi wachinyamata, mwina wabayitsa katemera, ali ndi inshuwalansi yomunyamula pa ndege akadwala. Agogo amene amamuphikira mbalagha alibe chilichonse mwa izi. Akabanika, ulendo wawo ndi wa kuchipatala cha Kaporo, kenaka ku chipatala cha boma ku Karonga, zikavuta mpaka ku Mzuzu. Wophunzirayo wadutsa m'mabwalo a ndege atatu kapena anayi, ndiye kachilombo kakhoza kubwera ndi iye mosadziwa. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma pa mliri akhozanso kudza ndi chifuwa.

Kaporo ali ndi vuto linanso la kumalire. Anthu a kwa Kilupula ndi kwa Mwakaboko ali ndi abale kutsidya kwa Songwe, amalankhula chinenero chomvana, amakwatirana ndi kuikana maliro. Mu 2020 dziko la Tanzania linasiya kulengeza chiwerengero cha odwala, ndipo Pulezidenti John Magufuli ananena kuti matendawa atha. Mbali ino kunali malamulo, mbali inayo kunalibe, pomwe mtsinje anthu amawoloka tsiku ndi tsiku. Gulu lofukula pamalo otere liyenera kuyezetsa lisanalowe m'mudzi, kugona motalikirana, kudyera panja, kuika madzi ndi sopo padzenje, ndi kulipira wantchito amene wadwala kuti asabise matenda poopa kutaya ganyu. Ubwino wake ntchito yofukula ndi ya panja, pamphepo. Pamene matenda amafalikira ndi m'galimoto yodzaza ndi m'chipinda chotsukira miyala.

Pali ngozi ina imene imagwera mlendo. Mantha akachuluka, mphekesera zimakula. Nkhani za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017, ndipo zinabukanso mu 2020. Munthu wachilendo wonyamula timabotolo ndi zida zosadziwika pa nthawi yotere ali pa moto. Chomuteteza si mpanda ayi, koma kudziwika: kufika kwa amfumu, kufotokoza ntchito pa msonkhano wa mudzi ndi pa wailesi ngati Radio Dinosaur, ndi kudziwa ngakhale kunena kuti "ndaga", mawu othokozera a kuno.

Bwanji osangophunzira pa intaneti mpaka mliri udutse?

Zina zimatheka. Kuwerenga mapu, kulowetsa manambala m'kompyuta, kuyerekeza zithunzi za mapale ndi kumvera maphunziro pa Zoom, zonsezi ophunzira ambiri anachita mu 2020. Koma kusiyanitsa dothi la phulusa ndi dothi wamba kumafuna dzanja ndi diso. Mpeni umamveka mosiyana ukafika pansi pa nyumba yakale. Komanso tinene zoona, kwa mwana wa ku Kaporo intaneti si yaulere. Bandulo ya ola limodzi la kanema ndi ndalama ya ndiwo, ndipo magetsi akathima foni imathima nawo. Mliri unaphunzitsa chinthu chimodzi chabwino: pamene alendo sangabwere, ntchito imapitirira kokha kumene kuli akatswiri a komweko.

Mwana wa ku Kaporo amene akufuna kukaphunzira ntchitoyi kunja ayambire pati?

Ayambire pakhomo. Akwere minibasi apite kunyumba yosungira zakale ya pa Karonga, aone chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, afunse ogwira ntchito pamenepo ngati pali gulu limene likufuna othandiza. Kusekondale alimbikire History, Geography, Biology ndi Chemistry. Maphunziro a mbiri ndi chikhalidwe amapezeka ku University of Malawi ku Zomba, ku Mzuzu University, ku Catholic University ku Nguludi ndi ku MUST ku Thyolo. Kalata ya mphunzitsi amene anakuona ukugwira ntchito padzuwa imalemera kuposa fomu yolembedwa bwino.

Kunja sikutanthauza ku Ulaya kokha. Isimila, malo otchuka a nkhwangwa zamiyala, ali kufupi ndi Iringa ku Tanzania. Olduvai Gorge ili m'dziko lomwelo. Ku Kalambo Falls, m'malire a Zambia ndi Tanzania, kunapezeka mitengo yosemedwa ndi kulumikizidwa zaka 476,000 zapitazo. Ku Kenya kuli sukulu ya kufukula ya Koobi Fora ndi British Institute in Eastern Africa, ndipo ku South Africa kuli Sterkfontein ndi yunivesite ya Wits. Njirayi ena anaiponda kale. Yusuf Juwayeyi, amene anafukula likulu la Amaravi ku Mankhamba, ndi Gadi Mgomezulu anaphunzira ku Berkeley. Elizabeth Gomani-Chindebvu anaphunzira ku Southern Methodist University ku Dallas, ndipo ndiye anatcha dzina dayinoso wina wa kuno kuti Karongasaurus mu 2005, pambuyo pake n'kudzatsogolera nthambi ya chikhalidwe m'boma.

Kodi wophunzira amalipidwa?

Kawirikawiri ayi. Sukulu zambiri za kufukula ndi wophunzira amene amalipira, ndipo mtengo wake ndi wa madola. Amene amapita osalipira ndi amene apeza thandizo, monga la Leakey Foundation, la bungwe la PAST la ku Johannesburg limene limathandiza ophunzira a mu Africa, kapena la DAAD ya ku Germany. Funsani mwatchutchutchu chimene thandizolo likulipira: ndege, chakudya, pogona, inshuwalansi, ndiponso kuyezetsa ndi kubindikiritsidwa ngati mliri ubuka. Safunsa anadya phula. Wina akakulonjezani malo pa WhatsApp kapena pa Facebook n'kukuuzani kuti mutumize ndalama ku nambala ya foni, lembani kalata ku yunivesite imene akutchulayo pa adilesi yake yeniyeni musanatulutse tambala.

Mliri ukabuka ali kale kunja, achite chiyani?

Yankho lake limakonzedwa asananyamuke. Alembetse dzina ku ofesi ya kazembe wa Malawi ya dzikolo kapena yapafupi. Pasipoti ikhale m'manja mwake, asapatse munthu kuti amusungire, ndipo chithunzi chake asiye kwa makolo. Akhale ndi kalata yonena amene adzalipire pogona ngati ndege zaima, ndi kandalama kapadera kosakhudza. Adziwe tsiku limene chilolezo chake chokhalira chikutha, chifukwa mliri suimitsa kalendala ya a imigireshoni. Pasipoti ya Malawi imalowa ku Tanzania ndi ku Zambia popanda viza paulendo wocheza, koma kufufuza kumafuna chilolezo china. Ku Tanzania chimachokera ku COSTECH. Tonse tikukumbukira abale athu amene anabwera pa mabasi kuchokera ku South Africa mu May 2020 n'kukasungidwa pa Kamuzu Stadium mosakonzekera, mpaka mazana anathawa. Kubwerera mothamanga si nthawi zonse kumakhala kwabwino kuposa kukhala pamene uli.

Asaganize za Covid-19 yokha. Bungwe la WHO linalengeza pa 5 May 2023 kuti matendawa salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma pa nthawi yomweyo ife tinali tikulira anthu oposa 1,700 amene kolera anawatenga kuyambira mu 2022. Kwa wobwera ku Karonga, malungo ndi likodzo la m'madzi oima n'zimene zimagwetsa anthu ambiri kuposa mliri wotchuka pa wailesi. Neti, madzi owiritsa ndi chipewa sizitha ntchito.

Zimene zafukulidwa zimapita kuti, ndipo ndi za yani?

Ndi za Malawi. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limaletsa kufukula popanda chilolezo, komanso kutulutsa zakale m'dziko popanda chilolezo. Nthambi ya Museums and Monuments ndiyo imayang'anira, ndipo wofufuza wakunja amafunikanso kuvomerezedwa ndi National Commission for Science and Technology. Zina zimaloledwa kutuluka kuti zikayezedwe ku makina amene kuno kulibe. Wophunzira saloledwa kuika ngakhale phale limodzi m'thumba ngati chikumbutso.

Nkhawa ya anthu ili ndi maziko. Chigaza cha ku Kabwe chinapezeka mu 1921 ndipo chili ku London mpaka lero, ngakhale Zambia yakhala ikuchipempha kwa zaka zambiri. Madayinoso a ku Tendaguru ku Tanzania, amene anakumbidwa pakati pa 1909 ndi 1913 ndi manja a anthu akomweko, amaonetsedwa ku Berlin. Choncho mudzi uli ndi ufulu wofunsa mafunso atatu kwa gulu lililonse: zinthuzi zikasungidwa kuti, mudzabwera liti kudzatiuza zimene mwapeza, ndipo ndi ana angati a kuno amene mukuwaphunzitsa? Ine ndimaona kuti gulu lobweretsa ophunzira khumi akunja popanda Mmalawi wophunzira nawo limodzi silinamalize kulipira ngongole yake kwa eni nthaka.

Nanga ine ndikapeza mphika wakale kapena mafupa m'munda mwanga, nditani?

Izi zimachitika kawirikawiri kuno, chifukwa Songwe, Lufilya ndi North Rukuru akasefukira amagumula magombe n'kuvundukula zimene zinakwiririka. Musazule, musatsuke, ndipo musagulitse. Chinthu chikachoka pamalo pake chimataya theka la nkhani yake. Jambulani ndi foni, ikani chizindikiro, phimbani ndi dothi pang'ono kuti ng'ombe zisaponde, kenaka uzani amfumu ndipo uthenga ufike kunyumba yosungira zakale pa Karonga kapena kwa DC. Ngati ndi mafupa a munthu, apolisi adziwenso. Kunena sikulanditsa munda. Kawirikawiri akatswiri amayeza, amatenga zofunika, n'kukwirira dzenje kuti mulime monga kale. Ndipo tsiku limene adzabwere, musawatsekere ana m'nyumba. Atengeni akaime pambali pa sefa, afunse mafunso, agwire nsangalabwi yosemedwa m'manja mwawo.